Mwana, Nkhondo ndi Nthano: Phunziro la Achinyamata

Malemba owerenga: 2 Mafumu 5:1-14, Mlaliki 9:5-6, Zekariya 8:4-5, Afilipi 4:8

Anthu achikulire a ku Mulanje akukumbukira masiku amene anansi athu a ku Milange ankawoloka malire pa Muloza atasenza mitolo, ana ali kumbuyo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba mu 1977 ndipo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome. Pofika nthawiyo dziko la Malawi linali likusunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Phunziro lathu likufunsa kuti: mwana amene waona zoopsa zotere, mtima wake umagwira chiyani kuti usasweke?

Filimu ya dziko loyenda lili m'tulo

Mu 2007 mayi Teresa Prata anatulutsa filimu yotchedwa Terra Sonâmbula, kutanthauza dziko loyenda lili m'tulo. Anaitenga m'buku la dzina lomwelo limene Mia Couto, mlembi wa ku Beira, anasindikiza mu 1992. Mnyamata wotchedwa Muidinga, amene sakumbukira makolo ake ngakhale dzina lake lenileni, akuyenda ndi nkhalamba Tuahir mumsewu wopanda anthu. Apeza basi yotenthedwa nkuisandutsa nyumba. Chapafupi pali mtembo wa mnyamata wina, Kindzu, ndi makope amene ankalembamo za moyo wake. Muidinga ayamba kuwerengera nkhalambayo makopewo, ndipo amvamo za mayi wina, Farida, amene akufunafuna mwana wake Gaspar. Pang'onopang'ono mnyamatayo ayamba kuganiza kuti mwana wotayikayo ndi iyeyo.

Apa mpamene pagona nkhani. Muidinga ali ndi njala, koma chimene chikumuwawa kwambiri n'chakuti alibe mbiri. Nthano ya m'makopemo ikumupatsa dzina, mayi komanso chifukwa chodzukira m'mawa. Filimu ina yotchuka, Pan's Labyrinth ya Guillermo del Toro ya mu 2006, ili ndi mutu womwewu: mtsikana Ofelia, ku Spain mu 1944, athawira m'dziko la zilombo za m'maganizo mwake poopa nkhanza za msilikali amene anakwatira mayi ake. Mafilimu onsewa ali ndi zithunzi zamagazi, si oonetsa ana, ndipo Mkhristu ayenera kuwayesa ndi muyeso wa Afilipi 4:8. Komabe chimene aona n'choona: mwana wosowa pothawira amamanga nyumba m'maganizo.

Nthano imene imapha

Kutha kuganizira zinthu zimene maso sakuona ndi mphatso ya Mulungu, koma si nthano iliyonse imene imapulumutsa. Chakumapeto kwa nkhondoyi, m'chigawo cha Zambézia chimene tachita nacho malire, munabuka gulu la Naparama lotsogozedwa ndi Manuel António. Iye ankanena kuti anamwalira nkuukanso, ndipo ankatemera anyamata mankhwala oti zipolopolo zisawalase. Anyamatawo ankapita kunkhondo ndi mikondo ndi zikwanje. Mu 1991 mwini wakeyo anaphedwa pankhondo. Anthu otopa ndi mantha amakhulupirira msanga aliyense wowalonjeza chitetezo, ndipo nkhani za mizimu ndi zithumwa zimamera bwino m'nthaka yotere. Werengani Mlaliki 9:5-6 ndi kuona chifukwa chake akufa sangakhale pothawira pa amoyo.

Kabuthu ka m'nyumba ya Namani

Baibulo nalonso lili ndi mwana wa nkhondo. Mu 2 Mafumu 5, magulu a Aaramu anagwira kamtsikana m'dziko la Israyeli nkukasandutsa kapolo wa mkazi wa Namani, kazembe wa ankhondo. Dzina lake sitinauzidwe, za makolo ake sitikumvanso. Iyenso anataya mudzi ngati Muidinga, koma kusiyana kwake n'kwakuti anachoka kwawo atanyamula nkhani yoona: ku Samariya kuli mneneri wa Mulungu wamoyo. Sanachite kutola mbiri m'makope a munthu wina, chifukwa wina anali atamuphunzitsa nkhondo isanafike.

Taonani zimene nkhaniyo inachita. Sinamubise kamtsikanako m'maloto, koma inamutsegula maso kuti aone khate la mdani wake ndi kumufunira zabwino. Mawu ake ochepa anayendetsa kazembe mpaka ku mtsinje wa Yordano. Nthano yongopeka imatha kutonthoza mwana usiku umodzi, pamene chiyembekezo chokhazikika pa lonjezo la Mulungu chimafika pochiritsa ndi ena omwe. Zekariya 8:4-5 akutipatsa chithunzi choyenera kudzaza maganizo a ana athu: mzinda wa mtendere umene nkhalamba zakhala pansi m'makwalala, ana akusewera mopanda mantha.

Udindo wathu

Mfuti za nkhondo ija zinaleka kulira tsidya linalo, koma ana ovulala mumtima sanathe. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya ana ambiri a ku Mulanje ndi Phalombe m'misasa, ena ataona abale awo akukokoloka ndi madzi. Mawa lino ena mwa ife tidzakumana nawo m'kalasi, ena m'chipatala, ena ku Sukulu ya Sabata. Mwana akamajambula madzi kapena mfuti mobwerezabwereza, akamacheza ndi bwenzi losaoneka, tisathamangire kumukalipira kapena kumunena kuti wagwidwa ndi ziwanda. Tiyambe tamvetsera, pakuti masewero ndiwo chilankhulo chake. Ngati sakugona, sakudya kapena wasiya kulankhula, timuperekeze kwa achipatala. Kenako timuuze nkhani yoona, yakuti Mulungu amadziwa dzina lake ndipo Yesu akubweranso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani kusowa mbiri kumamuwawa Muidinga kuposa njala?
2. Tingasiyanitse bwanji masewero abwinobwino a mwana ndi zikhulupiriro zoopsa ngati za Naparama?
3. Ndi nkhani ziti za m'Baibulo zimene mwana wa mumpingo mwanu angapite nazo atasiyanitsidwa ndi makolo ake lero? Ndani akumuphunzitsa?