Ulendo wa ku Durban ndi Khanda

Mayi athu a ku Johannesburg, mukufunsa ngati mungakapumeko ku Durban Loweruka ndi Lamlungu muli ndi khanda la masabata 3. Ine ndikuti dikirani kaye mwana alandire katemera wa pa masabata 6. Chitetezo cha m'thupi mwake chidakali chofooka, ndipo khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika madigiri 38 limafunika kuthamangira nalo kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, mumzinda wachilendo.

Mwina mukuti mwana woyamwa savuta paulendo. N'zoona, chakudya chake muli nacho pachifuwa. Koma ulendo wa pamsewu wa N3 ndi wamakilomita oposa 550, ndipo khanda likakhalitsa pampando wake wa m'galimoto, kamutu kamazyolikira kutsogolo, kupuma n'kumavuta. Muyenera kumaimaima kuti mulitulutse, ulendo wa maola 6 n'kudya tsiku lonse. Kungolifukata pamiyendo nakonso ayi, lamulo la South Africa limafuna mpandowo kwa mwana wosakwana zaka 3. Mukafika kunyanjako, mwana wosakwana miyezi 6 safunika kukhala padzuwa, ndiye muzikangobindikira m'chipinda. Sunthani tsikulo, mayi, mudzapite atabayitsa katemera, ndipo kabuku kake kakuchipatala musadzakasiye.