Banja la pa Alcatraz: Mafunso ndi Mayankho pa Buku la Gennifer Choldenko

Kodi ndi buku lanji limeneli?

Ndi nkhani yopeka yolembera ana, dzina lake Al Capone Does My Shirts. Analilemba ndi Gennifer Choldenko wa ku America. Linatuluka mu 2004, ndipo mu 2005 linapata ulemu wa Newbery Honor, umene umaperekedwa kwa mabuku a ana olembedwa bwino m'dzikolo.

Nkhani yake ikuti chiyani?

M'chaka cha 1935, mnyamata wa zaka 12, Moose Flanagan, akusamuka ndi makolo ake kuchoka ku Santa Monica kupita pachilumba cha Alcatraz. Bambo ake apeza ntchito kundende ya pachilumbapo: ndi wazamagetsi, komanso amalondera akaidi. Chowasamutsa chenicheni ndi Natalie, mlongo wake wa Moose. Mayi awo akufuna kuti mwanayu alowe sukulu yapadera ya Esther P. Marinoff mumzinda wa San Francisco, kutsidya kwa madzi. Sukuluyo ikumubweza pasanapite masiku. Mayi atayamba kuphunzitsa piyano mutauni, Moose ndiye akusiyidwa ndi udindo womuyang'anira mlongo wake akaweruka kusukulu. Masewera a baseball amene amawakonda kwambiri akuwasiya.

Kodi n'zoona kuti ana ankakhala pandende yoopsa chotere?

Inde. Alcatraz inali ndende ya boma la America kuyambira 1934 mpaka 1963, pamtunda wa pafupifupi makilomita awiri kuchokera ku San Francisco. Ogwira ntchito ambiri ankakhala pachilumba pomwepo ndi mabanja awo, ndipo ana ankakwera boti popita ndi pobwera kusukulu. Amene anakulira m'malainzi a asilikali a ndende ku Zomba kapena ku Maula aumvetsa msanga moyo umenewu: mwana amasewera kuseri kwa mpanda, akuwaona akaidi akugwira ntchito, koma akudziwa malire osayenera kudumpha.

Nanga Al Capone akubwera bwanji?

Capone anali mkulu wa zigawenga ku Chicago, ndipo analemera ndi malonda a mowa pa nthawi imene mowa unali woletsedwa ku America. Mu 1931 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wozemba msonkho n'kumugamula zaka 11. Anakhala pa Alcatraz kuyambira 1934 mpaka 1939. Akaidi ndi amene ankachapa zovala za pachilumbapo, ndiye m'nkhaniyi Piper, mwana wa mkulu wa ndende, akutulukira njira yopezera ndalama: anzake akusukulu azilipira kuti malaya awo akachapidwe ndi zigawenga zotchuka. Bizinesiyo ikuululika, ndipo Moose akulowa nawo m'mavuto, ntchito ya bambo ake n'kukhala pachiswe. Koma musayembekezere kumuona Capone akuyendayenda m'masamba a bukuli. Dzina lake ndi limene likumveka paliponse, mwini wake ali m'kati mwa makoma.

Natalie ali ndi vuto lanji?

Lero tikanati ali ndi autism. Nkhaniyo sikutchula mawuwa, chifukwa mu 1935 madokotala anali asanalifotokoze bwino vutoli. Dokotala Leo Kanner anadzalemba za ilo mu 1943. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli. Banja likulimbana ndi chinthu chopanda dzina, ndipo aliyense akubwera ndi malangizo ake. Natalie amatha tsiku lonse akusanja mabatani ake, masamu amawachita m'mutu mofulumira modabwitsa, koma akasokonezedwa amakuwa n'kudzigwetsa pansi. Mayi ake amauza anthu chaka ndi chaka kuti ali ndi zaka 10, pamene mwanayo ndi namwali wa zaka 15, akulowa 16. Bodza limeneli si la nkhanza. Mayiwo aona kuti anthu amamvera chisoni mwana wamng'ono, wamkulu amamutaya, ndipo sukulu imafuna ana aang'ono okhaokha. Ine sindingawaweruze mayi amenewa, ngakhale kuti chikondi chawo chikumupsinja Moose, amene nayenso ndi mwana wofuna kuonedwa. Choldenko analemba zimene ankazidziwa: mchemwali wake, Gina, anali ndi autism, ndipo bukuli analipereka kwa iyeyo. N'chifukwa chake Natalie sanalembedwe ngati mngelo kapena ngati mtolo. Amatopetsa, amaseketsa, ndipo ali ndi zofuna zake.

Kodi bukuli silikutamanda zigawenga?

Funsoli n'loyenera. Chakumapeto, sukulu itamukananso Natalie, Moose akulembera Capone kalata mobisa kupempha thandizo. Posakhalitsa Natalie akulandiridwa, ndipo Moose akupeza kapepala m'malaya ake ochokera kochapa. Owerenga ena zimawanyansa kuti chigawenga ndicho chikutsegula khomo limene anthu aulemu analitseka. Ine ndikuona kuti mlandu wagwera anthu aulemuwo. Komabe kholo lifunse mwana wake akamaliza kuwerenga: kodi thandizo la munthu wotere limabwera laulere? Buku lotsatira, Al Capone Shines My Shoes la mu 2009, likuyambira pa ngongole imeneyi.

Ndi la ana a msinkhu wanji?

Kuyambira zaka 10 kupita m'tsogolo. Mitu yake ndi yaifupi, ndipo Moose akufotokoza yekha nkhaniyo m'Chingerezi chosavuta. Muli malo amodzi ofunika kukambirana: Natalie akupalana ubwenzi ndi mkaidi wina amene amagwira ntchito kunja kwa mpanda, ndipo Moose akuchita mantha ndi zimene zingamuchitikire mlongo wake. Wolemba wazifotokoza mosamala, koma mwana adzakhala ndi mafunso.

Alipo mabuku ena otsatira?

Alipo atatu: la mu 2009 lija, Al Capone Does My Homework la mu 2013, ndi Al Capone Throws Me a Curve la mu 2018.

Ndani ayenera kuliwerenga?

Ana, inde, koma makamaka makolo ndi aphunzitsi. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wonga Natalie, muli ndi winanso wonga Moose amene amasenza zambiri osadandaula. Mukalipeza bukuli, muwerenge naye limodzi ameneyo.