Wodwazika Matenda Naye Afunika Chithandizo

Khansa ikafika poti singachizikenso, odwala ambiri amabwerera kumudzi kukasamalidwa ndi abale awo. Kaŵirikaŵiri ntchito yonse imagwera munthu mmodzi, makamaka mayi kapena mwana wamkazi. Iyeyu ndiye amatunga madzi, kuchapa zofunda, kuphika phala ndi kuchezera usiku wonse, uku munda wake ukuloŵa thengo. Odzazonda matenda amafunsa za wodwala yekha, osafunsako ngati wodwazikayo wadya.

Achibale ayenera kudziŵa kuti khansa sipatsirana. Munthu sangaitenge pogwira wodwala kapena podyera naye mbale imodzi, choncho palibe chifukwa chosiyira mmodzi ntchito yonse. Mwini mbumba aitanitse abale ndi kugaŵa masiku, kuti wodwazika apeze usiku wogona mokwanira. A mpingo ndi anansi angathandize ndi nkhuni, madzi kapena kupalira. Zimenezi nzopindulitsa koposa kudzadza m'nyumba ndi kuyembekezera nsima.

Wodwala amene sangadzuke afunika kumutembenuza maora 2 aliwonse kuti asachite zilonda pamsana ndi m'chiuno. Ntchitoyi njofunika anthu aŵiri, pakuti wonyamula yekha amapweteka msana.

Chimene chimasautsa wodwazika koposa ndicho kuona mbale wake akubuula ndi ululu. Kuchipatala amapereka morphine wamadzi, amene amamwedwa maora 4 aliwonse monga adokotala alembera, osadikira kuti ululu uyambe. Mabanja ena amaopa kuti mankhwalaŵa amafulumizitsa imfa, nasiya kumpatsa wodwala. Mantha ameneŵa ngopanda maziko ngati muyeso utsatidwa. Koma morphine amamanga m'mimba, ndiye wodwala azimwa madzi, azidya papaya, ndipo anamwino auzidwe vutolo likapitirira. Botolo lisungidwe patali ndi ana. Chilonda chikamanunkha, anamwino angaphunzitse wodwazika kuchitsuka ndi madzi oŵiritsa amchere pang'ono ndi kuwazapo mapiritsi a Flagyl osinja.

Chithandizo chotere chimapezeka ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi pa zipatala za maboma.

Wodwazika akayamba kusoŵa tulo, kukana chakudya, kupsa mtima msanga kapena kulira payekha, watopa. Abale asamdzudzule. Wina amlandire ntchito kwa masiku angapo, ndipo iye apite kukaonana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake.