Chitseko chikayamba kukhula, musathamangire kuchipala

Kuno ku Kapichi, monga m'madera ena a minda ya tiyi ku Thyolo, zitseko zimavuta kawiri pachaka: mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, ndiponso chiperoni chikakuta mapiri mu Juni ndi Julaye. Thabwa limamwa chinyontho n'kufufuma, kaya ndi la bulugamu kapena paini. Ambiri akaona chitseko chikukana kutsekeka amangoitana kalipentala kuti achipale. Pofika Okutobala thabwa lija lauma n'kubwerera mwakale, pasiyika mpata wolowera mbewa ndi mphepo. Chonsecho vuto limakhala lili pa mahinjesi nthawi zambiri.

Tsegulani chitseko pang'ono, mugwire chogwirira n'kunyamulira m'mwamba. Chikagwedera, yang'anani hinjesi yapamwamba, poti ndiyo imakokedwa ndi kulemera kwa chitseko. Ikakhwepa, mbali ya loko imatsika n'kumakhula pansi, mpaka pasimenti pamaoneka mzere wokhota. Masikuluwu akamangozungulira osagwira, bowo lakula. Chotsani sikuluwu, viikani timitengo ta machesi tochotsa mitu m'guluu wa matabwa, mutitsendere m'bowomo mpaka lidzaze. Guluu akauma mangani sikuluwu yotalikirapo kuposa yakale. Pochita izi ikani kamtengo pansi pa chitseko kuti chisalendewere.

Misomali ayi. Ndimamva chisoni ndikaona hinjesi yabwinobwino yokhomedwa ndi misomali yopindidwa, chifukwa msomali umasololoka pang'onopang'ono ndipo umang'amba mphuthu.

Pali vuto lina lomwe limasokoneza anthu: mukatseka, chitseko chimadzibwerera chokha ngati wina akuchikankha mkati. Apa mbali ya mahinjesi ikugunda mphuthu msanga. Mwina mmisiri anasema mozama kwambiri polowetsa hinjesi, kapena mitu ya masikuluwu yatumphuka n'kumagundana. Ngati ndi mitu, ikani masikuluwu olowa bwino m'mabowo a hinjesiyo. Ngati ndi kusema, masulani hinjesi, mudule kachidutswa ka katoni yopyapyala kofanana nayo, mukaike kuseri kwake n'kumanganso. Kamodzi kakapanda kukwana, onjezani kena.

Kuti mudziwe pomwe pakukhula, pakani choko m'mphepete mwa chitseko, mutseke ndi kutsegula. Pomwe choko chatsalira pamphuthu ndi pomwepo. Chitseko chokhala bwino chimasiya mpata wa mamilimita 2 kapena 3 m'mbali ndi pamwamba, woti kamtengo ka machesi kadutse. Mahinjesi akakhala olimba koma choko chikusonyezabe malo amodzi, ndiye mupale, ndi sandipepa, pamalo okhawo. Mukatha pakani penti kapena vanishi, osaiwala kunsi ndi pamwamba pa chitseko, pomwe amisiri ambiri amasiya thabwa lili pambalambanda ndipo chinyontho chimalowera pomwepo. Ngati nyumbayo ndi ya esiteti, uzani kaye oyang'anira nyumba musanapale kalikonse.

Pa mafelemu achitsulo hinjesi imakhala yowotcherera. Ikadyeka n'kutsika, kawirikawiri chitseko chimatheka kuchizula n'kuveka washala pa pini, chimakwera pang'ono. Ikathyoka, itanani owotcherera.

Mahinjesi apulasitiki, monga a chivundikiro cha chimbudzi chamadzi kapena a bokosi losungira zozizira, amafuna dzanja lofewa. Mukamanga sikuluwu mopitirira, pulasitiki amang'aluka. Mahinjesiwa akamalimba, tsukani fumbi, mukhule pini ndi kandulo kapena sopo wouma. Oilo wa galimoto amaononga mapulasitiki ena. Amene amaumbitsa mahinjesi otere pa makina a 3D amasiya mpata wa pafupifupi mamilimita 0.3 mpaka 0.5 pakati pa pini ndi bowo lake, apo ayi zimamatana. Hinjesi yanu ikathina, kulungani sandipepa wosalala pa msomali, mukulitse bowolo pang'ono, muyese pini, kenako mubwereze mpaka izungulire mosagwedera.