Chala Chathu pa Foni ndi Umboni Pamaso pa Allah

Khutbah yoyamba

Timtamanda Allah amene anatisonkhanitsa lero m'nyumba yake, ndipo tikupempha madalitso ndi mtendere kuti zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, kwa akubanja lake ndi kwa Maswahaba onse. Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah pobisika ndi poonekera.

Abale ndi alongo athu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, kale kampeni inkafika ndi galimoto ya zokuzira mawu, nkugawa nsalu ndi malaya, dzuwa likamalowa nkubwerera. Lero imakhala m'thumba mwathu. Msodzi akukonza ukonde m'mbali mwa Amaramba amalandira uthenga womwewo umene walandira wamalonda wa ku Maputo, ndipo nthawi zambiri uthengawo umabwera utavala mkanjo ndi kofiya.

M'maiko ena muli zipani zotchedwadi ndi dzina la Chisilamu. Ku Malaysia chipani cha PAS chinapeza mipando 43 mwa mipando 222 pa zisankho za November 2022, ndipo ambiri mwa achinyamata amene anavota koyamba ankamva uthenga wa kampeni pa TikTok. Njira yake njodziwika: kanema wamfupi, mawu a sheikh odulidwa pakati, nyimbo yogwira mtima, kenako chizindikiro cha chipani.

Kwathu kuno malamulo ndi osiyana. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, m'ndime 12, amati boma silitsamira chipembedzo chilichonse, ndipo ndime 76 imaletsa chipani kudzitcha dzina lachipembedzo kapena kugwiritsa ntchito chizindikiro chofanana ndi chachipembedzo. Akuluakulu akukumbukira PIMO ya Yaqub Sibindy, imene anthu ankaidziwa ngati chipani cha Asilamu ngakhale kuti inalembetsedwa ngati Partido Independente de Moçambique. Iye anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mu 1994 ndi mu 2004, ndipo maulendo onse awiri anapeza pafupifupi voti imodzi pa mavoti 100 alionse. Asilamu anavotera zipani zosiyanasiyana, ndipo palibe amene anatuluka m'Chisilamu chifukwa cha zimenezo.

Koma chimene lamulo laletsa pa chikalata chovotera, foni imachilowetsa kuseri. Uthenga wa mawu umafika m'gulu la WhatsApp la msikiti, wopanda dzina la woulankhula, ukunena kuti wovotera uje ndi kafiri, kapena kuti uje akapambana adzatseka madrasa. Chithunzi cha wandale ali pakati pa masheikh chimazungulira ngati kuti ndi fatwa. Ena mwa mauthengawa ndi a tsidya lina la Chiponde, onena za zisankho za ku Malawi, koma poti chilankhulo ndi chimodzi timawameza ngati athu. Tinaona pambuyo pa zisankho za 9 October 2024 momwe dziko lonse linkatsatira Facebook, momwe intaneti ya pafoni inadulidwira, ndi momwe mabanja ambiri analirira maliro. Mawu a pafoni si mphepo ayi.

Qur'an yolemekezeka inatiphunzitsa kale za matenda amenewa. Pobwerera ku nkhondo ya Banu Mustaliq, mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye) anatsalira m'mbuyo akufunafuna mkanda wake, ndipo Safwan ibn al-Mu'attal anawapeza nawafikitsa kwa anzawo. Abdullah ibn Ubayy, mtsogoleri wa achinyengo, anapeka bodza. Koma bodzalo silikanayenda lokha: analinyamula ndi okhulupirira ena abwino, amene anangobwereza zimene anamva. Madinah inavutika mwezi wathunthu, kufikira Aws ndi Khazraj anatsala pang'ono kumenyana m'msikiti momwe, Mtumiki ali pa mimbari. Kenako Allah anamuyeretsa Aisha mu Surah An-Nur, nadzudzula amene anaiyesa nkhaniyo yopepuka. Wopeka anali mmodzi, otumiza anali ambiri. Nanga ife, tikakanikiza chala kuti uthenga upite kwa anthu 50, tili mbali iti?

Khutbah yachiwiri

Abale olemekezeka, sitikukuuzani chipani choti muvotere, ndipo mimbari ino sidzakuuzani. Kuvota ndi amanah ya munthu aliyense payekha. Zisankho za makhonsolo a Mandimba ndi Cuamba zikubwera mu 2028, ndipo zisankho zazikulu mu 2029. Tiyeni tidzikonze nthawi ikadalipo.

Choyamba, uthenga usanachoke m'foni mwathu tidzifunse kuti waulankhula ndani, liti, ndipo ali kuti. Ayah 6 ya Surah Al-Hujurat imatilamula kufufuza nkhani tisanavulaze anthu mosadziwa. Ngati yankho palibe, uthengawo uthere kwa ife.

Chachiwiri, gulu la WhatsApp la msikiti ndi khonde la msikiti. Likhale la nthawi za Swalah, maliro, zopereka ndi maphunziro. Oyang'anira magulu achotse zakampeni za chipani chilichonse, ngakhale chimene iwo amachikonda.

Chachitatu, wandale timuyeze ndi ntchito zake osati ndi kofiya: msewu wopita kunyanja nthawi ya dzinja, mankhwala kuchipatala, mtengo umene mlimi akugulitsira nandolo ndi chimanga.

Chachinayi, tisatchule Msilamu mnzathu kafiri chifukwa cha voti, ndipo tisanyoze Mkhristu amene timamwa naye chitsime chimodzi. Kampeni imatha, koma amene adzanyamule jeneza lathu ndi yemweyu waima nafe phewa ndi phewa m'safu.

E inu Allah, yeretsani malirime athu ndi zala zathu. Lipatseni dziko lathu atsogoleri achilungamo, ndipo lunzanitsani mitima yathu. Akhululukireni makolo athu amoyo ndi amene anatsogola. Ameen.

Imirirani tiswali.