"Yadutsa" kapena "ikudutsa": mawu amene amapatula ndege mumlengalenga

Kwathu ku Mughese, m'mapiri a Misuku, ndege timangoiona patali, ikusiya kamzere koyera m'mwamba. Munthu wokulira kumalo otere amaganiza kuti thambo ndi lalikulu kwambiri moti ndege ziwiri sizingakumane. Koma pafupi ndi bwalo la ndege zinthu sizili choncho. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu ndi tindege ting'onoting'ono ta ophunzira kapena ta alendo zimakwera ndi kutsika m'njira zomwezo, pa liwiro losiyana kwambiri. Monga wophunzira zilankhulo, ndikufuna kusonyeza kuti chimene chimazipatula nthawi zambiri ndi mawu a pa wailesi, ndipo kachidutswa kamodzi ka mawu kakasochera, anthu amafa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene maso okha sakwanira. Ndege yaikulu ikamayandikira bwalo ikhoza kuthamanga makilomita 460 pa ola, pamene kandege ka mtundu wa Cessna kamathamanga pafupifupi 200. Zikayang'anizana, mtunda wa makilomita awiri umatha m'masekondi 11 okha. Chovuta china n'chakuti ndege imene mukupita kukagundana nayo siyenda pagalasi lanu. Imakhala pamalo amodzi ngati kadontho, kenaka n'kukula mwadzidzidzi. Diso la munthu limagwira msanga chinthu choyenda, koma kadontho koima limakaphonya.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku San Diego, ku America, pa 25 September 1978. Ndege ya Boeing 727 ya kampani ya PSA inkatsika kuti itere, ndipo kutsogolo kwake, chakumunsi, kunali Cessna 172 mmene munali mphunzitsi ndi wophunzira wake. Oyendetsa Boeing atauzidwa za kandegeko, anayankha kuti akaona, choncho udindo wokapewa unakhala wawo. Patapita nthawi pang'ono anakataya m'maso, koma sananene zimenezi mosabisa. Woyendetsa wamkulu anauza wa pansanja kuti akuganiza kuti kandegeko kadutsa kale kudzanja lamanja. Wa pansanja anamva kuti kakudutsa kudzanja lamanja. M'Chingerezi kusiyanaku kuli kumapeto kwa mneni, pakati pa "passed" ndi "passing", ndipo pa wailesi yaphokoso mapeto a mawu ndi amene amayamba kumezeka. M'Chichewa tikanati "yadutsa" ndi "ikudutsa". Amene wanena kuti "yadutsa" sakuionanso, akungoganizira. Amene wanena kuti "ikudutsa" maso ake ali pomwepo. Wa pansanja anakhulupirira kuti oyendetsa akuionabe, ndiye sanawachenjezenso. Boeing inatsikira pamwamba pa Cessna, ndipo anthu 144 anafa, asanu ndi awiri mwa iwo ali pansi.

Ife a ku Misuku timayamba ndi Chisukwa kapena Chindali kunyumba, Chichewa ndi Chingerezi n'kudzazipeza kusukulu, ndiye timadziwa bwino mmene chilankhulo chobwereka chimavutira kumva pa foni netiweki ikamadukaduka. Koma taonani kuti a ku San Diego aja onse ankalankhula Chingerezi bwinobwino. Vuto silinali kusadziwa chilankhulo ayi, koma kulankhula mwachisawawa pamalo ofunika mawu okhazikika. Liwu lakuti "ndikuganiza" lilibe malo pa wailesi ya ndege.

N'chifukwa chake Chingerezi cha mumlengalenga n'chodulidwa dala. Nambala 9 amaitchula kuti "niner" kuti isasokonezeke ndi 5, ndipo woyendetsa akalandira lamulo lofunika amalibwereza kuti wa pansanja atsimikize kuti lamveka. Kuyambira mu 2008, bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO limafuna kuti oyendetsa ndi owongolera ndege zodutsa malire a mayiko akhoze mayeso a Chingerezi kufika pa mulingo wachinayi.

Wina anganene kuti masiku ano makina ndiwo amagwira ntchitoyi. N'zoona pang'ono. Ndege ya Aeroméxico itagundana ndi kandege ka Piper ku Cerritos mu 1986, anthu 82 n'kufa, dziko la America linalamula kuti ndege zikuluzikulu zikhale ndi makina a TCAS, amene amauza woyendetsa kuti akwere kapena atsike. Komatu TCAS imangoona ndege imene ili ndi kachipangizo kolengeza pamene ili, ndipo ndege ikatsika pansi pa mamita pafupifupi 300 imaleka kupereka malangizo amenewa. Pa 29 January 2025, ku Washington, ndege yonyamula anthu inagundana ndi helikopita ya asilikali ili pansi kwambiri chotero, ndipo anthu 67 anafa. Ofufuza anapeza kuti mawu a wa pansanja ouza helikopita kuti idutse kumbuyo kwa ndegeyo anadukizidwa pa wailesi.

Nkhaniyi si ya kutali kokha. Pa 5 March 2024, ndege ya Dash 8 ya Safarilink, yonyamula anthu 44, itangonyamuka pa bwalo la Wilson ku Nairobi, inagundana ndi Cessna 172 ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege. Yaikuluyo inabwerera n'kutera bwino, koma mphunzitsi ndi wophunzira a m'kandegeko anamwalira. M'madera ena a Africa kumene mawailesi a pansi safika bwino, bungwe la makampani a ndege la IATA linakonza zoti oyendetsa azidzilengeza okha kwa anzawo pa 126.9 MHz, kunena pamene ali, msinkhu wawo ndi kumene akupita.

Kuno ku Malawi ndege n'zochepa, ndipo mwina n'chimene chimatigonetsa tulo. Pa Kamuzu International Airport ndi pa Chileka ndege zikuluzikulu zimagawana njira ndi tindege topita ku Likoma kapena kumalo osungirako nyama. Pa timabwalo ta kutchire ngati ka ku Chelinda, ku Nyika, palibe nsanja, moti woyendetsa amadalira zimene mnzake wanena pa wailesi. Tawonjezaponso madroni, kuyambira pamene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesererako ku Kasungu mu 2017.

Za ku San Diego timazidziwa liwu ndi liwu chifukwa zonse zinajambulidwa, ndipo pa zojambulazo ndi pamene malamulo a kalankhulidwe amakonzedwera. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, sinagundane ndi ndege ina. Koma ofufuza ochokera ku Germany atafika, anapeza kuti inalibe makina ojambulira mawu a oyendetsa.