Makalata a omvera: Mkonono ndi makina a CPAP

Kalata iyi yachokera kwa bambo a zaka 68 a ku Zomba. Akuti adokotala anawapeza ndi vuto losiya kupuma ali m'tulo. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira makina a CPAP, koma chovala chake cha pamphuno chikuwabanikitsa, moti akufuna kungochisiya.

Bambo, musachisiye chonde. Mukagona, minofu ya kukhosi imafooka n'kutseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kupitirira. Mkonono uja amayi akunyumba amadandaula nawo, woduka kenako n'kubwera ndi befu, gwero lake ndi limeneli. Zikamachitika ka 30 pa ola, madokotala amati vutolo lakula, ndipo limakweza BP ndi chiopsezo cha sitiroko. Makinawa, amene anayambitsidwa ndi dokotala Colin Sullivan ku Sydney mu 1980, sakupumirani ayi. Amangokankha mpweya pang'ono kuti khosi lisatsekeke.

Kubanikako ambiri amakumva masabata oyamba. Muzivala chovalacho masana mukumvera pulogalamu ino, nkhope izolowere. Chikamatulutsa mpweya m'mbali, mwina saizi yake si yanu, osangomanga zingwe mpaka kusiya zipsera. Kukhosi kukamauma, thirani madzi oyera m'kathanki ka makinawo ngati kalipo.

Mowa wamadzulo ndi mapiritsi ogonetsa, amenewo ndiye ayi, amafooketsa khosi kwambiri. Mphamvu ya mpweya musasinthe nokha, bwererani kwa adokotala. Mukawafunsenso za batire, poti magetsi athu mukuwadziwa. Akazima, gonani chammbali, osati chagada.